Mutu 6: Eni Nyumba Anati

1. Pensulo ya Ketaki

Chaka chimenecho mvula inakana m'tauni ya Latur, ndipo madzi ankabwera pagalimoto. Amayi ankakangana pamizere ya mitsuko, abambo ankayang'ana kumwamba n'kupukusa mitu. Koma Ketaki Salunke, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mtima wake unali pa buku lina la chikuto chobiriwira.

Mayi Inamdar, mphunzitsi wa chinenero, anali atapereka ntchito yotsekera chaka. Wophunzira aliyense anayenera kusankha mtsogoleri amene analemba mbiri ya moyo wake, n'kufufuza m'mene mtsogoleriyo amadzionetsera m'mawu ake.

"Musandiuze zimene anachita, zimenezo n'za aphunzitsi a mbiri yakale," anatero Mayi Inamdar. "Ine ndikufuna muone m'mene munthu amadzivekera ndi mawu. Zinthu zikayenda, amati wayendetsa ndani? Zikavuta, amaloza ndani? Mawu ndi chovala, ana inu. Ena amavala kuti aoneke, ena amavala kuti abisale."

Anzake anathamangira mabuku a anthu otchuka a ku Delhi. Ketaki anasankha buku la Mayi Anusaya Kadam, amene anthu onse ankangowatchula kuti Akka. Mayiwa anakhala wapampando wa khonsolo ya mudzi wa Chinchwadi kwa zaka zambiri. Anakumbitsa zitsime, anamangitsa sukulu, anatseketsa malo ogulitsira kachasu. Tsopano anali atakalamba, ndipo akuluakulu a boma ankafuna kuti nyumba yatsopano yogonamo atsikana a sukulu itchedwe dzina lawo.

Ku Chinchwadi ndi kumene anabadwira agogo ake aamuna a Ketaki, ngakhale banja lawo silinkapondako.

Buku linali lalikulu, nthawi inali yochepa. Ketaki anadumpha mitu ya ubwana ndi ya ukwati, poti ankati mulibe ndale. Anayambira pakati, pamene Akka anakhala pampando. Paliponse pamene panali chigamulo, iye ankalemba mzere ndi pensulo.

Posakhalitsa pensulo ija inayamba kubwerera pa mawu amodzimodzi.

"Eni nyumba anati chitsime chikumbidwe kumunsi kwa msika."

"Ndinafunsa eni nyumba, ndipo anakana zogulitsa dambo la ziweto."

"Eni nyumba sanalole kuti ndilandire mphatso ya womanga sukulu."

Zoti Akka sankatchula dzina la amuna awo sizinamudabwitse Ketaki. Amayi akale onse ankatero, ngakhale malemu agogo ake aakazi. Chimene chinamupsetsa mtima n'chakuti panalibe chigamulo n'chimodzi chomwe chimene Akka anati n'chawo.

Zoterezi Ketaki ankazidziwa bwino. Azakhali ake nawonso anali wapampando m'mudzi wina, koma chidindo chinkakhala m'thumba la amuna awo. Pamsonkhano amunawo ndiwo ankakhala pampando, azakhali akubweretsa tiyi.

Choncho anatenga pepala loyera n'kulemba mawu omaliza a kafukufuku wake: "Mawu awo omwe ndiwo akuwaulula. Akka anali chidole m'manja mwa amuna awo."

2. Tiyi wa Omkar

Lachisanu masana, ataweruka, Ketaki anapeza Omkar pamalo omwera tiyi, pafupi ndi chipata cha sukulu. Omkar anamaliza pasukulu yomweyo zaka ziwiri zapitazo. Tsopano ankayenda panjinga yamoto ya kambendera kachipani, ndipo ntchito yake inali yojambula timakanema toyenda m'mafoni. Chipani chake sichinkafuna kuti nyumba ya atsikana ija itchedwe dzina la Akka.

"Apulofesa!" anakuwa Omkar. "Takhalani pansi, apulofesa, tiyi ndigula ine. Mbiri yanu yatipeza."

"Wakuuza ndani?"

"Ku Latur kuno chinsinsi chimauluka kuposa fumbi. Akuti wamugwira gogo uja ndi mawu ake omwe. Tandionetsa."

Ketaki anazengereza, koma kunyada kunamugonjetsa. Anatulutsa pepala lija. Omkar anawerenga, n'kumenya tebulo mpaka tiyi anatayikira m'mbale. Atapisa m'thumba kuti atenge foni, Ketaki anatsomphola pepala n'kulibweza m'chikwama.

"Iwe, usajambule! Aphunzitsi sanaone."

"Aphunzitsi akupatsa chiyani? Kachizindikiro kofiira pakona, basi, pepala likadyedwe ndi chiswe m'kabati. Ine ndikunena za boma lonse. Mawa madzulo uime kutsogolo kwa kamera, uwerenge mizere iwiri yokhayo. Pofika Lolemba, pamene akuluakulu azikhala pansi kusankha dzina, aliyense adzakhala atakuona. Mtsikana wanzeru amene anaulula chidole!"

"Koma ndi munthu wamkulu, Omkar."

"Ukulu ukukhudzana bwanji? Kodi wanama? Si zili m'buku mwake? Kapena ukufuna atsikana azigona m'nyumba ya dzina la munthu amene sankatha kusankha yekha ngakhale pokumba chitsime? Taganiza za azakhali ako aja."

Mawu amenewo anamulasa penipeni. Ketaki anazunguza kapu patebulo, osamwa.

"Ndikuyankha mawa," anatero.

"Dzuwa lisanalowe, apulofesa. Basi ya ku Mumbai sidikira wodzola mafuta."

3. Chenjezo la agogo

Kunyumba anapeza agogo ake, a Pandurang, ali pakhonde akuswa mtedza. Anali munthu wa mawu ochepa. Chimwalirireni akazi awo, ankakhala ndi banja la mwana wawo, ndipo tsiku lawo linkathera pakhondepo.

Ketaki anawafotokozera zonse, akuyembekeza kuti amuyamikira. Atatchula dzina la Akka, zala za agogo zinaima pamtedza. Atafika pa mawu oti chidole, agogo anaseka kaseko kakafupi kotulukira m'mphuno.

"Chidole? Anusaya?"

"Zili m'buku, agogo."

"Buku lonse wawerenga?"

"Mbali yofunika."

"Khala pansi."

Ketaki anakhala pamkeka. Agogo anakankhira mtedza pambali.

"Mwanawe, ine mphamvu zanga zonse zinathera ku fakitale ya shuga. Nzimbe zikabwera pangolo, sitinkalawa pamalo amodzi n'kugamula za munda wonse. Tinkadula kunsonga, tinkadula pakati, tinkadulanso patsinde. Iwe walawa pakati pokha, ndipo ukufuna kuuza boma lonse kukoma kwa munthu.

"Akale anati safunsa anadya phula. Mayiyo ali moyo. Sali ku Delhi, sali kumwamba. Basi ya m'mawa imakutsitsa pafupi ndi khomo lake. Ngati zimene walembazo n'zoona, pita ukaime pamaso pake, ukaziwerenge mokweza. Mawu amene sungathe kumuuza munthu pamaso, usawanene kumbuyo kwake, ngakhale atakoma bwanji m'kamwa.

"Ndipo mnyamata wa kambenderayo umuyang'ane bwino. Sakufuna nzeru zako, akufuna nkhope yako. Zikavuta, iye adzakwera njinga yake n'kupita, koma kanemayo adzatsala ndi dzina lako. Madzi akatayika saoleka. Chaka chino waona wekha: mtsuko ukagwa pamzere, mayi amalira, koma dothi silibweza ngakhale dontho."

Ketaki anayang'ana pansi, kenako anadzutsa mutu.

"Inu mumawadziwa, agogo. Bwanji osangondiuza?"

A Pandurang anatenga mtedza umodzi n'kuutembenuza m'zala, osauswa.

"Za mayi ameneyo usamvere ine. Pa anthu onse a m'boma muno, ine ndiye wosayenera kufunsidwa. Pita wekha."



Loweruka m'mawa foni ya Ketaki inayamba kulira asanasambe n'komwe. Anali Omkar. Ketaki anaiyang'ana kwa kanthawi. Kenako anaitseka mawu, anaika buku ndi pepala m'chikwama, n'kulunjika kokwerera basi.

4. Pakhonde la Akka

Basi yofiira inamutsitsa pansi pa mtengo wa bwemba. Sanavutike n'kufunsa njira, poti mawu anamutsogolera. Pakhonde la nyumba ina yamiyala panali mayi wamng'ono thupi, wa imvi mutu wonse ndi magalasi okhuthala, akukalipa pafoni.

"Unati Lachitatu! Lero ndi Loweruka! Kodi galimoto yako ya madziyo ikukokedwa ndi nkhono? Ikapanda kufika masana ano, ndibwera ndi amayi onse a mudzi uno, tidzachapire pakhomo pa mkazi wako!"

Atadula foni, anayang'ana mlendo pamwamba pa magalasi. Ketaki anadziwa kuti ndi Akka, ndipo anavula nsapato, anawerama n'kugwira mapazi awo.

"Basi, basi, mapazi ali ndi fumbi," anatero Akka. "Wadzera ntchito kapena madzi? Zonse ndilibe."

Komabe analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kapu ya madzi, ndipo sanalole kuti Ketaki ayankhule asanamwe.

"Ndikulemba za buku lanu, Akka."

"Eee! Ndiye alipo amene analiwerenga? Ine ndimayesa anthu amangochirikizira nalo mwendo wa tebulo."

Ketaki anafotokoza za ntchito ya kusukulu ndi za mizere ya pensulo. Anatsegula buku n'kuwaonetsa masamba. Akka ankagwedeza mutu, akuoneka okondwa.

"Ndiye wapeza chiyani, mwana wa pensulo?"

"Andiuza kuti ndikuwerengereni pamaso panu."

"Werenga. Makutu akadalipo, ndi mano okha amene anandithawa."

Ketaki anatulutsa pepala lija. Anawerenga mizere iwiri ija ndi mawu otsika, ngati munthu womeza mankhwala owawa.

Kuseri kwa nyumba mbuzi inalira.

"Bwereza pomalizapo," anatero Akka.

"Chidole m'manja mwa amuna awo."

Akka anaphulika kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, anamenya bondo, anavula magalasi n'kupukuta maso ndi nsonga ya sari, nsalu yaitali imene anavala.

"Ananditchulapo mfiti. Ananditchulapo mkazi wandevu. Koma chidole, ayi, chimenechi n'chatsopano! Dzuka. Poti ndiwo ankalamula, tiye ukawafunse okha eni nyumba."

5. Chithunzi cha pakhoma

Chipinda cha m'kati chinali chozizira bwino. Pakhoma panali chithunzi chovekedwa nkhata ya maluwa achikasu, othyoledwa m'mawa womwewo, ndipo pansi pake pankayaka kanyale kamafuta.

Nkhatayo, imene amaveka chithunzi cha munthu womwalira, sinamudabwitse Ketaki. Pa msinkhu wa Akka, amayi ambiri amakhala atatsala okha. Chimene chinamuimitsa ndi nkhope ya pachithunzipo. Anali mnyamata wa tsitsi lakuda bii, ndevu za pamlomo zisanakhwime n'komwe.

"Chithunzi cha ukalamba wawo mulibe?" anafunsa.

"Ukalambawo anauona? Chitsime chimene ankakumba chinawagumukira chaka cha chilala chachikulu chija, bambo ako asanabadwe. Ine pampando ndinakhala patapita zaka zoposa khumi."

Ketaki anawerengera zakazo mumtima. Anakhala pansi pomwepo, buku lili pachifuwa.

"Mutu wachinayi unawerenga?"

"Ndinaudumpha, Akka."

"Ohoo. Ndinalembamo kuti chaka chimenecho amayi a m'mudzi anaphwanya zibangiri zanga pamwala, n'kufufuta kadontho kofiira pamphumi panga, monga amachitira ndi mkazi wamasiye. Mkazi alembenso chiyani choposa pamenepo?"

"Nanga n'chifukwa chiyani paliponse mumati eni nyumba anati?"

Akka anakhala pakampando kafupi, akubuula chifukwa cha mawondo.

"Tamvera, mwanawe, poti wayenda ulendo. Masiku amenewo mkazi wamasiye sankayenera kuoneka ngakhale paukwati. Mwamuna akakumana nane m'mawa, ankabwerera kunyumba kuti tsiku laipa. Ndiye taganiza, wamasiye yemweyo wakhala pampando, akuuza eni minda ya nzimbe pokumba chitsime. Pamsonkhano woyamba ndinati, 'Ine ndikuganiza kuti...' Sindinamalize. Wina anayasamula, wina analavula, wina anatuluka kukataya madzi.

"Pamsonkhano wachiwiri ndinati, 'Eni nyumba sangalole zimenezi.' Onse anangoti duu. Amuna amenewo ndi omwe anafukula thupi lawo m'chitsime chija ndi manja awo. Munthu anafera madzi a mudzi. Ndani akanatsegula pakamwa kutsutsana naye?

"Ndipo panali ubwino wina. Mkazi akakhala pampando, anthu amafunafuna mwamuna wake. Amamugulira mowa, amamuikira kanthu m'thumba, m'mawa mwake chigamulo chasintha. Nanga angawa akanawagulira chiyani? Womanga sukulu uja anali mlendo. Anazungulira mudzi wonse ndi bokosi la maswiti, akufunsa kuti bambo a wapampando ali kuti. Ana anamuperekeza mpaka muno."

Analoza khoma ndi chibwano. Ketaki anayesa kudzigwira, koma kuseka kunamupulumuka. Aka kanali koyamba kuseka chichokereni ku Latur.

"Ndiye munkanama, Akka?"

"Ndinamize ndani? Mudzi wonse unali pamaliro."

Akka anaimirira n'kuwongola nkhata ija, imene inapendekeka pang'ono.

"M'mawa uliwonse, posintha maluwa, ndimawauza za tsikulo. Sayankha. Ngakhale ali moyo sankayankha kwenikweni. Koma ndinakhala nawo mokwanira kudziwa zimene akanakana."



Patapita kanthawi, mtsikanayo anaulula zonse: za Omkar, za kamera, za msonkhano wa Lolemba, ndi za azakhali ake a chidindo aja. Akka anamvetsera osamudula.

"Dzina pakhoma silindisowetsa tulo," anatero. "Atsikana akapeza pogona, alembepo ngakhale dzina la mbuzi yanga. Koma bodza likanayenda. Ku Latur akanakhulupirira, poti sandidziwa. Kuno akanakuseka mpaka tsiku la ukwati wako, ndipo ana ako akanatchedwa ana a chidole.

"Pensulo yako sinaname, mwanawe. Mizere yonseyo ilimo, ndipo waona chimene ambiri sanaone. Chimene chinanama ndi liwiro lako. Unalowa m'buku langa utanyamula kale yankho, ngati wapolisi amene walemba mlandu asanafike pamalo. Munthu akamalemba za moyo wake amakhala ali ndi anthu m'maso, ali ndi zimene akuopa, ali ndi zimene nthawi yake inkalola. Usanamuweruze, funsa kuti ankayankhula pamaso pa yani.

"Koma usatengere ine. Sindikunena kuti inali njira yabwino, inali njira imene inalipo. Inu a lero mwaphunzira kuti muziyankhula m'dzina lanu. Ndiye poti dzinalo ndi lanu, lisamaleni, musamalibwereke kwa aliyense wa kambendera. Ndipo azakhali akowo usawatche chidole usanakhale nawo kukhitchini tsiku lathunthu. Mwina ndi chidoledi, mwina ayi. Kafunse."

Anadya limodzi mkate wa mapira ndi anyezi ndi tsabola wosinja. Ali m'kati modya, galimoto ya madzi inaliza hutala kumsika, ndipo Akka anati, "Wamva? Woyendetsayo amaopa mkazi wake kuposa boma."

Pakhomo, Ketaki akuvala nsapato, Akka anamufunsa, "Kodi dzina lako ndani, iwe wa pensulo?"

"Ketaki Salunke. Agogo anga ndi a Pandurang, anabadwira konkuno."

Dzanja la Akka linaima pachitseko.

"Pandurang akadali moyo?"

"Ndiwo andituma."

"Wakutuma iyeyo," anatero Akka pang'onopang'ono. Anamuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali, ngati akufunafuna munthu wina pankhope yake. "M'bukumo muli malo amodzi pamene sindinafunse eni nyumba. Ali m'mitu imene unadumpha. Ukawapeze."

6. M'basi yobwerera

Basi itangochoka pa mtengo wa bwemba, Ketaki anatulutsa foni. Sanadikire kuti Omkar aimbenso. Anaimba yekha.

"Apulofesa! Tsiku lonse osayankha? Kamera yakonzeka. Uli kuti?"

"M'basi. Ndikuchokera ku Chinchwadi."

"Kukatani kumeneko?"

"Kukafunsa eni nyumba."

"Ndiye ati chiyani?"

"Anamwalira kalekale, Omkar, Akka asanakhale n'komwe pampando."



"Aaa, ndani akudziwa zimenezo m'tauni muno?" anatero Omkar. "Iwe ingowerenga mizere iwiri ija. Zinazo ndiona ine."

"Ndikudziwa ine."

"Ukudzitayira mwayi, mtsikana iwe."

"Ukautole ndiwe. Moni kwa kambendera."

Anadula foni. Apa m'pamene anazindikira kuti chiyambire dzulo mapewa ake anali ouma ngati a munthu wosenza mtsuko. Anatsegula zenera. Mphepo inali yotentha ndi yafumbi, minda inali mbee, koma iye anapuma mpweyawo ngati wa pambuyo pa mvula. Mayi wina wa pampando woyandikana anamupatsa nthochi, ndipo anailandira ndi manja awiri.

Anatulutsa pepala lija, analitsamiritsa pabuku, n'kudula mizere iwiri yomaliza. Mizere ya pensulo ya m'bukumo sanaifufute, poti ntchito yake inali ikadalipo. Pansi pa mawu odulidwawo analemba ena, zilembo zikupindika ndi mabampu a msewu: "Akka anavala dzina la wakufa kuti amoyo amve."

Anawayang'ana mawuwo, ndipo pambali pake anawonjezera timawu tating'ono: "Yamba wawerenga buku lonse."

Anatsegula mutu wachinayi. Zibangiri zija anazipeza, m'ndime yaifupi yopanda misozi. Anapitirira mutu wachisanu. Basi ikuyandikira Latur, maso ake anagwera pa ndime iyi:

"Tsiku limenelo sindinafunse eni nyumba. Ndinatenga mtsuko wanga, ndinagwira dzanja la mkazi wa kumapeto kwa mudzi, amene anthu a mtundu wake sankaloledwa kutunga pachitsime chachikulu, ndipo tinapita limodzi. Pakamwa pa chitsime panaima mnyamata, ndodo ili m'manja. Dzina lake linali Pandurang Salunke."

Basi inaima. Anthu anayamba kukankhana potsika. Ketaki anaika chala patsambalo, anatseka buku, n'kutsika pomalizira.

Pabenchi ya pamalo okwerera basi panali agogo ake, munthu amene ankadana ndi phokoso la pamalopo. Anali atavala malaya awo oyera a kukachisi. Atamuona anaimirira.

"Wamupeza?"

"Ndawapeza, agogo."

"Pepala lija?"

"Sindinapereke."

A Pandurang anatulutsa mpweya wautali, n'kuika dzanja pamutu pa mdzukulu wawo. Kenako maso awo anatsikira pa buku, pa chala chimene chinali pakati pa masamba. Sanafunse kuti ndi tsamba liti.

"Wafika pachitsime," anatero.

Ketaki anavomera ndi mutu.

"Usadumphe mzere ngakhale umodzi. Werenga zonse zimene analemba iye. Ukamaliza, ubwere pakhonde ndi pensulo yakoyo. Ine sindinalembe buku, koma ndodo ija ndikuikumbukira."